Kambale Kopanda Maselo

Mpaka lero ndikaona kambale kapulasitiki mtima umandiwawa. Nditamaliza maphunziro ndinapeza malo mu labu ina yaing'ono ya kafukufuku ku Katete, mongondiyesa kwa miyezi isanu ndi umodzi. Anati akakhutira nane adzandilemba ntchito. Amayi ku Sinda anali atalengeza kale kumpingo konse kuti mwana wawo wamkazi tsopano ndi dokotala.

Tinkaweta maselo, tizidutswa tamoyo tosaoneka ndi maso, m'timbale, n'kuwathira puloteni imene imawachititsa kukula. Puloteniyo inali yopakidwa utoto wowala. Tikatsuka timbale, makina ankayeza kuwala kotsala, ndipo kuwalako tinkati ndi puloteni imene yamatirira pa maselo. Manambala ankatuluka akuluakulu, moti abwana, mkulu wa labuyo, ankayenda ngati tambala yekha pakhola.

Koma ine ndine mwana wa mlimi wa thonje. Kwathu usanayeze thonje umayamba wapachika thumba lopanda kanthu pasikelo, kuti thumba lisalowe m'gulu la thonje. Tsiku lina ndinatenga kambale kopanda selo ngakhale limodzi, ndinathira puloteni, ndinatsuka, ndinayeza. Kanawala pafupifupi chimodzimodzi ndi tinzake. Puloteni ija inkangomatirira kupulasitiki. Miyezi yonseyo tinkayeza thumba.

Ndinathamangira kwa abwana ndili ndi chikhulupiriro choti andiyamikira, uchitsiru wangawo. Anayang'ana pepala la manambala, anandiyang'ana ine, n'kufunsa amene anandituma kuwononga mankhwala odula m'mbale yopanda kanthu. Ndinawafotokozera za thumba la thonje. Anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Kuno si kumsika wa thonje, mayi. Chotsani mzere umenewo mu lipoti."

Ndinakana, ndipo sindinakane mwaulemu ayi, pakamwa ndinatengera amayi. Ndinawauza kuti ngati zili choncho tileke kuvutika ndi maselo, tizingoyeza mbale zokhazokha, popeza izo sizifuna chakudya ndipo sizifa. Mwezi utatha anandiuza kuti malo palibe. Kulakwitsa muyeso sindikuwaimba nako mlandu, nanenso ndinalakwitsa nawo. Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti anaona ndi maso awo, n'kusankha kutsinzina.

Ndinakwera minibasi kubwerera ku Sinda. Amayi sanafunse zambiri, anangosiya kukhala kutsogolo kutchalitchi. Sabata yomweyo ndinawaperekeza kokagulitsa thonje. Wogulayo, bambo amene sukulu anailekera panjira, anapachika thumba lopanda kanthu pasikelo anthu onse akuona. Palibe amene anamuseka, ndipo mawa lake anali pantchito.