Ndalephera kukalipira waimvi ku Beira

Abale, mwaswera bwanji.

Ntchito ija ya ku jinaziyo, malo olimbitsira thupi, kuno ku Beira yandiphonya lero. Pondiyesa, patarau, mwini malowo, anandipatsa bambo ena aimvi, msinkhu wa atate, kuti ndiwanyamulitse zitsulo.

Atayamba wefuwefu, ndinawalandira chitsulocho ndi manja awiri n'kunena kuti, "Pumulani, bambo." Iwo anapsa mtima: "Ndimabwera kuti mundikalipire, osati kundinyengerera!" Patarau anangondilozera khomo.

Anyamata a mumgodi ku Moatize ndinkawakalipira mu jinaziyo ya kwathu mpaka mawu kusasa, koma waimvi? Lilime linakana. Amayi, si mmene munatilerera?

Jinaziyo ya kwathu inatsekedwa, njinga ndinagulitsa kuti ndifike kuno. Ndiuzeni: nditsale kuno ndiphunzire mwano, kapena ndibwerere ku Zobue ndizikasenza matumba pa malire?