Bokosi Lachinayi la Maloto a Amai

Pepalalo linali lachikasu, lopyapyala mwakuti ukalilozetsa kudzuwa unkaona mbuzi za ku Luembe kuseli kwake. Ndikulumbila, ndinawelenga zisanu ndi ziwili. Aphunzitsi anati lachokela ku Lusaka, kwa anthu ofufuza za tulo. Aliyense wa pakhomo ayankhe funso limodzi: mumalota zoopsa kangati? Mabokosi anali anayi: sindilota, kamodzi pamwezi, kamodzi pamlungu, usiku uliwonse. Chipani chinali chimodzi masiku amenewo, ndipo pepala la boma silinkabwelela lopanda kanthu.

Inali nyengo yokolola, patapita miyezi inayi atate atafa pa ngozi ya lole ku Kacholola. Ndinali ndi zaka khumi, mwana wachilungamo kuposa onse m'boma la Petauke. Funsani aliyense.

Amai anandiyankha akutonola chimanga, osatukula mutu: "Lemba kuti sindilota."

Koma ine ndinkawamva akukuwa kutulo, kuuza lole kuti iime. Akakuwa, m'mawa ndinkaponya njele imodzi ya chimanga m'chitini. Nkhuku imene inadya njelezo patatha milungu iwili inachita kunyamulidwa chifukwa chokhuta. Ndinafufuta bodza la amai papepalapo ndi chala chamate, nkuchonga bokosi lachinayi.

"Onani mwana wosabisa kanthu!" anatelo aphunzitsi, nawelenga pepala langa mokweza. Sankadziwa za kwathu, anali obwela. Pabenchi yakumbuyo panali mwana wa abambo aang'ono, mng'ono wao wa atate.

Kwathu, mkazi wamasiye akamalota mwamuna wake ankati mzimu sunagone, ndipo wougoneka ndi m'bale wa malemu, polowa chokolo. Amai anali atakana kawili konse, akuti amagona mpaka tambala. Lamlungu abambo aang'ono anafika ndi akuluakulu atatu.

Abambo aang'onowo anati, "Mlamu, mwana sanama. Zalembedwa, mpaka boma likudziwa."

Analowa m'nyumba ndi njinga yao ndi fungo la fodya limene silinachokenso m'mabulangete. Amai sanandimenye. Bola akanandimenya. Anangofunsa kuti, "Nanga akupatsa malikisi angati?"

Ku Lusaka sikunabwele yankho, mpaka lelo. Koma kukuwa kunatha, chitini chinachita dzimbili, ndipo ndinauza sukulu yonse kuti ndachilitsa amai ndi pensulo. Maso ao ofiila ndinkati ndi utsi wa kukhitchini. Sindinkadziwa kuti anasiya kulota chifukwa anali atasiya kugona.