Chotupa cha paphewa la mwana wa achemwali

Chaka chimene ndinali Folomu 3 ndinkakhala ku Kawale ndi achemwali anga ndi amuna awo, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Alamu ankakonza magalimoto ku Biwi. Chaka chomwecho achemwali anabereka mwana wawo woyamba, wamkazi, wonenepa moti anamwino ankaitanizana kudzamuona.

Titabwera naye kunyumba, achemwali analowa m'chikuta. Kwathu mwana akabadwa satuluka panja ndipo sagwiridwa ndi anthu ena mpaka mchombo utagwa. Apongozi awo, mayi a alamu, anatumiza uthenga kuchokera ku Ntcheu kuti mwana asatuluke iwo asanafike, adzamusambitsa okha. Koma inali nyengo yokolola, ndipo anachedwa. Mchombo unagwa, masabata anapita, achemwali adakali m'chipinda chija. Alamu ankagona kwa mnzawo wa kugaraja. Ine ndinkangoima pakhomo, kupereka chakudya ndi kulandira matewera okachapa.

Mwanayo ankalira kwambiri. Achemwali nawo ankalira, ngakhale ankabisa. Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinawamva akukuwa m'katimo: "Tonthola! Ukufuna undiphe kodi?" Nyumba za ku Kawale ndi zothinana, ndipo amayi amene anali pampopi anamvanso. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Apongozi atafika anatenthetsa madzi, n'kuyala mkeka pakhonde. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anabwera kudzaonerera. Apongozi anamusambitsa mwana akumuimbira, koma dzanja litafika m'munsi mwa khosi, chakuphewa lakumanzere, nyimbo inaduka. Panali chotupa cholimba ngati mtedza.

"Amake mwana, ichi n'chiyani?"

"Sindikudziwa, Amayi," anayankha achemwali.

"Simukudziwa? Ili ndi fupa. Ndinaonapo mwana wa mbuzi wothyoka, fupa likamalumikizana limachita chonchi. M'chikuta munali awiri. Mwana angadzithyole yekha?"

Mayi woyandikana nafe uja anatsokomola. "Ife sitifuna kulankhula zambiri, koma makomawa ndi opyapyala."

Apongozi anamukulunga mwana m'nsalu yawo. Ananena kuti apita naye ku Ntcheu, akakula ndi phala, ndipo za banjalo akakambirana ankhoswe. Achemwali sanadziteteze. Anangokhala pansi, mkaka ukunyowetsa bulauzi. Alamu atabwera anamvetsera mbali zonse atagwira chipewa m'manja, kenako anati, "Palibe akupita kulikonse tisanapite kuchipatala."

Tsiku lotsatira linali Lachisanu, ndipo alamu sakanatha kusiya ntchito, choncho tinadikira Lolemba. Kusukulu sindinamve chilichonse. Ndinapempha kutuluka kawiri, ndinkangozungulira kuseri kwa makalasi. Kunyumba ndinasesa pabwalo posesedwa kale, ndinachapa matewera oyera. Apongozi ankapereka mwana kwa mayi ake pa nthawi yoyamwa yokha, atakhala pambali, maso ali pa manja a achemwali. Ine mumtima ndinkangobwereza mawu aja, ukufuna undiphe kodi. Awa ndi achemwali amene anandibereka kumsana ndili wamng'ono, amene ankandisungira chikondamoyo. Koma nanga chotupa chinachokera kuti? Ndikaganiza mbali iyi, mbali inayo inkandikoka.

Lolemba ndinajomba kusukulu. Tinakwera minibasi kupita kuchipatala chachikulu, mwana ali pamiyendo pa apongozi. Titaima pamzere mpaka dzuwa kutentha, tinalowa kwa adokotala, mayi wamagalasi wooneka wotopa. Apongozi anayamba kufotokoza asanafunsidwe. Adokotala anawasiya mpaka anamaliza, kenako anamuvula mwana zonse. Sanayambire pachotupa. Anayang'ana kuseri kwa makutu, m'kamwa, m'mutu, anapapasa nthiti imodziimodzi, miyendo, ngakhale kumapazi.

"Mwanayu anagwapo?" adokotala anawafunsa achemwali.

"Ayi."

"Munayamba mwamugwedezapo mwamphamvu atakutopetsani? Musachite manyazi. Sindikufunsa kuti ndikunyozeni. Ana ena amabwera muno atapwetekedwa ndi anthu a m'nyumba mwawo momwe, ndipo khanda silingadzinenere. Ndiye ndimafunsa aliyense."

"Ndinamukalipira," anatero achemwali motsitsa mawu. "Koma sindinamugwedeze."

Adokotala anatembenukira kwa ine. "Nanga iwe wa yunifolomu, umakhala nawo? Unaona chiyani?"

Ndinali nditavala siketi ya kusukulu chifukwa inali yokhayo yabwino. Ndinanena za kukuwa kuja, poti kubisa kukanakhala kunama, ndipo ndinamva apongozi akuti "ehe". Adokotala anafunsanso ngati ndinamugwirapo mwanayo. Ndinati kamodzi kokha, tsiku lotuluka kuchipatala, pamene ndinawathandiza kumuveka kajuzi.

"Unaona chachilendo?"

Apo m'pamene ndinakumbukira. Dzanja lamanja linkatakataka, koma lamanzere linangogona phee pambali, ndipo nditalilowetsa m'mkono wa juzi mwana analira mpaka kufiira. Ndinali nditaseka tsiku lija, n'kunena kuti ameneyu sadzakhala wamanzere ngati bambo ake.

"Asanalowe m'chikuta?"

"Inde, tidakali kuwodi."

Adokotala anatituma kukajambulitsa mafupa. Sanajambule phewa lokha, anajambulanso chifuwa, manja ndi miyendo. Podikira zithunzi ndinalephera kukhala pabenchi. Ndinayenda mpaka kumapeto kwa khonde, kubwerera, kupitanso, mpaka alamu anati, "Mlamu, ukutizunguza mitu, khala pansi."

Titabwerera, adokotala anakweza chithunzi chakuwindo. Anatilozera kafupa kochokera m'munsi mwa khosi kupita paphewa. Pakati pake panali mtambo woyera.

"Fupa linathyokadi, agogo sananame," anatero. "Koma taonani, lamera kale fupa latsopano mozungulira. Kuthyoka kwa posachedwa sikuoneka chonchi. Mafupa ena onse ali bwino, thupi lilibe zipsera. Tsopano amayi, ndiuzeni, munabereka bwanji?"

Achemwali anayang'ana pansi. Za kuchipinda choberekera sizinenedwa pamaso pa mwamuna, kapena pa mtsikana amene sanaberekepo ngati ine. Alamu anamvetsa, anatuluka okha. Ine ndinanyamuka, koma achemwali anandigwira siketi.

"Mutu unatuluka," anayamba, "koma mapewa anakanirira. Anamwino anaitanizana, wina anandikanikiza pamimba, wina akukoka. Ndinkaganiza kuti tafa tonse."

"Ndi pamenepo," anatero adokotala. "Mwana wamkulu mapewa akakanirira, kafupa aka kamatha kuthyoka potuluka. Nthawi zina sitizindikira mpaka chotupa chitaoneka. Zimene wanena mtsikanayu, zimene mwanena inu ndi chithunzichi zikugwirizana. Kakupola kokha, sikafuna pulasitala. Muzimunyamula mosamala, osamukoka dzanja."

Apongozi anakonza duku lawo. "Nanga amake mwanawa bwanji sanatiuze kuti mwana akuvutika?"

"Akanauza ndani, agogo? Munamutsekera yekha m'chipinda ndi mwana womva kuwawa, masabata onsewa. Mayi ameneyu watopa. Akufunika womulandirako mwana kuti agone. Mubwere naye kusikelo, ndikufuna ndidzawaonenso onse awiri."

Panja apongozi anauza alamu mwachidule kuti fupa linathyoka pobadwa, basi. Tinayenda kupita kokwerera minibasi mwana adakali kwa iwo, ine mtima uli m'mwamba, poti za ku Ntcheu sanazibweze. Kondakitala anatipanikiza anayi pampando umodzi. Tisanafike patali mwana anayamba kulira. Apongozi anamusuntha uku ndi uku, kenako anamunyamula ndi manja awiri, dzanja lina pansi pa mutu, n'kumuika pamiyendo pa achemwali.

"Muyamwitseni," anatero. Atakhuta sanamutengenso.

Sanapepese, ndipo sindinamvepo akupepesa kwa wina aliyense. Koma anakhala nafe mpaka mvula itayamba. Masana ankamutenga mwana kukhala naye pakhonde, n'kutseka chitseko kuti achemwali agone. Tsiku lina mayi woyandikana nafe anafunsa pampopi kuti nkhani ija inatha bwanji. Apongozi anati, "Makoma opyapyala aja anakuuzani kuti akulira, bwanji simunagogode?"

Chotupa chinazimiririka pang'onopang'ono. Ndikamabwera kuchokera kusukulu ndinkayamba ndapapasa paphewa paja ndisanavule nsapato, mpaka tsiku lina mwanayo anandigwira kolala ya yunifolomu ndi dzanja lamanzere, n'kukana kusiya.