Timiyala ta Mayi Lesieli

Nthawi ili sikisi koloko m'mawa, Loweruka la Pasaka, mayi Lesieli anali atagwada kale kumanda a pachilumba cha Lifuka, akupaka timiyala takuda ta pamitumbira mafuta a kokonati kuti tiwale. Mitumbira inalipo isanu ndi umodzi: wa amuna awo, ya apongozi, ya alamu. Zaka makumi atatu tsopano akusenza mchenga woyera m'chidebe kuchokera kunyanja, kuundira pamene mvula yagumula, kenaka n'kuyalanso timiyalato kamodzikamodzi. Ana awo okhala kunja, mumzinda wa Auckland, ankangopempha zithunzi za mitumbirayo. Za mawondo a mayi awo palibe anafunsapo.

A Kalolaine, oyandikana nawo nyumba, anatulukira ndi tsache.

"Anzanga inu, kuwalitsa konseku, mukuti eni akewo akuona?"

"Bambo aja ali moyo sankaona n'komwe kuti ndasesa. Ayambe lero?"

Anaseka onse, koma pofuna kudzuka a Lesieli analephera, mpaka anzawowo anawagwira mkono. Maso a mayi Lesieli anagwera pamalo opanda kanthu pambali pa mtumbira wa amuna awo. Nanga iwo adzawasenzere mchenga ndani? Funso limeneli linali litawasowetsa mtendere chaka chonse.

Anakumbukira amayi aja amene analawirira kumanda a Yesu atanyamula mafuta, n'kukapeza mwala utachotsedwa, ntchito palibe. Kwa a Lesieli kuuka kwa akufa kunali kumeneko: tsiku lotula chidebe osadzachisenzanso.

"A Kalolaine, ndikadzapita musadzavutike ndi mtumbira wautali. Chidebe chimodzi cha mchenga, timiyala todzaza manja awiri, basi. Paja apa m'pongodikirira. Mudzandichitira, eti?"