Woyendetsa ndege wokana mitala

Anansi athu a ku Kapata amayendetsa kandege konyamula alendo kupita ku Mfuwe. Ndi mkulu wa mpingo, ndipo amakhulupirira zinthu ziwiri: Baibulo ndi GPS yawo ya m'ndege, yakalekale moti Nowa anaigwiritsako ntchito m'chingalawa. Amaipukuta ndi mpango umene amakaniza mphuno yawo yomwe.

Chaka chatha mwana wawo Millicent anawagulira tabuleti ya mapu aakulu owala.

"Atate, kanuka mumakawerenga mofinya maso. Tengani zonse ziwiri."

"Ine mitala ayi, mwanawe."

Poopa kumukhumudwitsa, tsiku lina mu Okutobala anamukweza m'ndege, natsogoza tabuletiyo. Pobwerera dzuwa linali loti nkhuku n'kuikira mazira owiritsa. Tabuleti inatentha n'kuzima, utsi wa moto wolusa utabisa mapiri a Chipata. Millicent anayamba kupemphera. Akuluwo anangopisa m'thumba la jekete, n'kutulutsa nkhalamba ya GPS ija, ndipo inawafikitsa pabwalo bwinobwino.

Masiku ano amauluka nazo zonse ziwiri.

"Nanga mitala ija, atate?"

"Watsopanoyu ndi mlendo chabe. Timamukhazika pamthunzi, sitimufunsa njira."