Chikho choperekedwa ndi dzanja lamanzere

Kompyuta yanga inkakhala pakona m'shopu ya mlongo wanga, pafupi ndi pomwe maminibasi a ku Lusaka amaima, pakati pa makina a fotokope ndi firiji ya zakumwa. Ntchito yanga inali yokonza mavidiyo a maukwati, a makwaya, ndi a makicheni pate, maphwando aja a amayi okhaokha olangizira mkwatibwi. Anthu ankabwera ndi zimene ajambula pamafoni, zina zogwedera, zina zopendekeka, zina chala chitatseka theka la chithunzi, n'kundiuza kuti ndizisandutse filimu yabwino. Ine mtima wanga ndi wa pachala, koma kompyuta siopa munthu wolusa. Inandiphunzitsa yokha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndinali ndi timalamulo tanga. Munthu akabweretsa mafayilo, ndinkayamba ndawakopera mufoda ina imene sindiikhudzanso, kuti ndikaononga pokonza ndikhale ndi pobwerera. Ndinkaseva pafupipafupi, chifukwa magetsi a ku Kafue satsanzika akamapita. Mawu ndinkawamvera m'mahedifoni, osati m'masipika, pakuti kunja makondakitala ankakuwa tsiku lonse ndipo sukanadziwa ngati phokosolo lili m'vidiyo kapena pamsewu. Mafoni akakhala angapo, ndinkawalunzanitsa ndi kuwomba m'manja. Pamzere wa mawu, kuwomba kumaoneka ngati kamunga kakatali kuposa tinzake. Ukayika timinga timeneto pamalo amodzi m'mafayilo onse, milomo ndi mawu zimayendera limodzi. Pa ichi amayi athu ndimawayamika, chifukwa sayamba nyimbo asanawombe m'manja.

Tsiku lina kunabwera mtsikana wina wa ku Shimabala, amene kicheni pate yake inali itangochitika kumene. Ndinali nditayamba kale kukonza vidiyo yake. Ndinali nditachepetsa mkokomo wa jenereta ndiponso kutsitsa ng'oma paliponse pomwe alangizi akuyankhula, chifukwa nyimbo ikapikisana ndi mawu a munthu, woonera samva zonse ziwiri. Mtsikanayo anakhala pakabenchi, maso ali psuu.

"Ba sisi, pitani paja pamene nipasa bapongozi cup," anatero.

Ndinapita pamenepo. Anali atagwada bwino ndithu, mutu pansi, chitenje chili m'malo mwake. Anatambasula dzanja n'kupereka chikho cha munkoyo, chakumwa chonga thobwa, kwa amake a mwamuna wake, iwo n'kulandira, amayi onse n'kululutira. Sindinaone cholakwika.

"Onani kwanja," anatero, akuloza dzanja lake pakompyutapo.

Ndinabweza pang'onopang'ono. Chikho chinali m'dzanja lamanzere, lamanja litangogwira pachigongono. Mwanayu anabadwa wamanzere. Alangizi anamuphunzitsa, iye n'kuloweza, koma pa nthawi yake mantha atamugwira, dzanja lozolowera linatsogola lokha.

Kwathu kuno kupatsa wamkulu chinthu ndi dzanja lamanzere ndi mwano, ndipo apongozi ndiye osayerekeza n'komwe. Patsikulo anthu ambiri sanaone chifukwa cha chipwirikiti. Koma vidiyoyi inkayenera kupita kumudzi kwa mwamuna, cha ku Katete, kwa azakhali ake amene sanathe kubwera. Iwowa kuyambira pachiyambi ankanena kuti atsikana a m'tauni alibe mwambo, ndipo ankafuna kuti mnyamatayo akwatire wakumudzi. Vidiyo siili ngati maso, munthu amaibweza mpaka atapeza chimene akufuna. Mtsikanayo ankadziwa kuti akalowa m'banjamo dzina lake litaipa kale.

"Musalire, tizakonza," ndinatero, ndisakudziwa n'komwe kuti tikonza bwanji.

Ndinayamba ndi njira yapafupi, yophimba. Pamene chikho chikuchoka m'dzanja, ndinaikapo chithunzi cha amayi akululutira, mawu n'kuwasiya akupitirira pansi. Ndi mmene timabisira zambiri: wina akadutsa kutsogolo kwa kamera, kapena mkwati akayasamula m'tchalitchi. Zinaoneka bwino, koma mtsikanayo anapukusa mutu. Anati azakhaliwo adzafunsa kuti chikho chinafika bwanji m'manja mwa apongozi, pakuti pamwambo wonsewo pamenepo ndi pomwe amadikira. Anali kunena zoona. Ndinafufuza foni yachiwiri, koma mwini wake pa nthawi imeneyo anali kujambula mphatso. Ndinayesa kukuza chithunzi kuti manja atsale kunja, nkhope zinangosanduka phala.

Kenako ndinakumbukira batani lotembenuza chithunzi, limene limachititsa kuti za kumanja zipite kumanzere ngati pagalasi. Ndinalidina. Pomwepo mtsikana uja anaoneka akupereka chikho ndi dzanja lamanja, lamanzere lili pachigongono, monga momwe mwana woleredwa bwino amachitira. Anadumpha pabenchi n'kundikumbatira, mpaka mlongo wanga anasuzumira kuti aone chachitika.

Kutembenuza kuli ndi misampha yake, ndipo ndinayamba kuipewa umodziumodzi. Zilembo zimayang'ana chammbuyo, choncho nsalu yolembedwa imene inali kukhoma ndinaidula m'mphepete mwa chithunzi. Ukatembenuza kachidutswa kamodzi kokha, anthu amalumpha kuchoka mbali ina kupita ina ngati afiti, ndiye ndinaikapo amayi olulutira aja patsogolo ndi pambuyo pake kuti diso lisadabwe. Ndinadzitama mumtima kuti pa Kafue ponse palibe wondiposa. Nditaseweretsanso kuti tione zonse, mtsikanayo anagwira pakamwa.

"Ba sisi, manje bapongozi."

Galasi silisankha munthu. Apongozi aja, amene analandira chikho ndi dzanja lamanja mwaulemu wonse, tsopano anali kuchilandira ndi lamanzere, atanyadira, pamaso pa gulu lonse. Mayi wa chigwirizano, wodziwika mumpingo, amene atsikana ambiri anadutsa m'manja mwake powalangiza. Ndinaseka mpaka misozi, ngakhale sizinali zoseketsa kwa mnzangayo. Nditamaliza kuseka ndinakwiya, ndinaikalipira kompyuta ngati ikumva. Ndinaganizako zodula chithunzi pakati n'kutembenuza mbali imodzi yokha, koma manja awo ankakumana pachikho pomwepo, ndipo podulapo pakanaoneka ngati chigamba.

Tinasunga mavidiyo awiri, ina yoona, ina yotembenuza. Ndinamuuza mosabisa kuti sindingatumize yotembenuzayo apongoziwo, eni dzanjalo, asakudziwa. Mtsikanayo anapita ali khuma, akuti akaganiza.

M'mawa mwake ndinaona mayi uja wa m'vidiyo akutsika minibasi, atavala duku loyera, akuyenda mosafulumira kudza kushopu. Kumbuyo kwake kunali mtsikana uja, atanyamula chikwama cha mayiyo, nkhope ili pansi. Anali atakaulula yekha zonse kwa apongozi akewo. Ndinawapatsa mpando wanga, ine n'kugwada pambali, mausi ili m'manja.

"Ndinu amene mumatembenuza anthu?" anandifunsa apongoziwo. Makolo awo anachokera ku Malawi kalekale kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo Chichewa chawo chinali chidakali chakumudzi.

"Ndine, amayi."

"Tandionetsani."

Ndinayamba ndi yoona. Anaionera osaphethira.

"Ndinaona tsiku lomwelo," anatero. "Chikho chinkagwedera ngati chili pa minibasi. Ndinachilandira msanga kuti munkoyo usatayikire pachitenje changa chatsopano."

Kenako ndinaonetsa yotembenuza. Anasendera pafupi, anavala magalasi, nandiuza kuti ndibweze. Ndinabweza. Atadziona akulandira ndi manzere anayamba kuseka, kuseka kwa m'mimba kogwedeza mapewa, mpaka anavula magalasi kuti apukute maso.

"Taonani mayi wopanda mwamboyo," anatero akudziloza. "Kaya analeredwa kuti."

Mtsikanayo anagwada. "Amai, nikhululukileni. Tizatuma chabe ya zoona, vamene bazakamba nizamvela."

"Iwe khala chete, alamu angawo suwadziwa. Ine ndakhala nawo kuyambira ndili ngati iweyo." Anatembenukira kwa ine. "Imeneyi ingalowe pafoni?"

Ndinawauza kuti ndiichepetsa kaye, chifukwa fayilo yaikulu imakana kupita kumene netiweki ndi yofooka, ndipo ikapita imafika yodukaduka. Ndinawakumbutsanso kuti akaitumiza, kumudzi konse adzaona dzanja lawo, ndipo anthu a mumpingo nawonso adzaiona. Ndinanena kawiri, chifukwa ndinkaopa kuti mwina sanamvetse.

Anamvetsa bwino lomwe. Anaika dzanja pamutu pa mtsikanayo, amene anali adakagwadabe pasimenti.

"Tumizani yotembenuzayo, mwanawe. Ine akandinena adzati wakalamba, mawa lake aiwala. Uyu akamunena, adzamunena mpaka adzukulu ake. Ndinalowa m'banja limenelo popanda wondiimira kumbuyo, ndiye ndikudziwa mmene zimawawira."

Ndinadina batani lotulutsa vidiyo, kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda. Mtsikanayo ankalira chamumtima, mutu uli pamaondo a apongozi ake. Ine ndinangoyang'anitsitsa kamzereko ngati kakufunika kukalondera.

"Dzuka, mtengwa wanga," anatero mayiwo. "Simentiyi ndi yozizira, ndipo wagwada mokwanira."