Maliro a Mizu kwa Ba Neba

Ba neba athu kuno ku Kafue Estates sazula kanthu m'dimba mwawo. Chimanga, nyemba, repu, amangodula pamwamba, mizu imatsala. Amati, "Masamba amakoka kaboni mumpweya, mizu imamutsitsira pansi. Ikawolera momwemo, dothi limada bii!" Ndipo lawo ndi lakudadi, ngati keke ya chokoleti!

Manje Loweruka, iwo ali kumsika, ife achinyamata akutchalitchi tinati tiwathandize. Tinazula ziputu zonse, n'kuunjika kuti titenthe. Mnzanga Obed atangotulutsa machisi, geti kwee, ba neba atulukira!

"Imwe bana! Mufuna kubweza kaboni wanga kumwamba?"

Anatipatsa makasu. Tinakwiriranso mizu yonse, Obed akuimba nyimbo ya maliro. Ba neba anaseka mpaka misozi, koma machisi aja analanda.